Mtima wa munthu wa BP akamalima, kuthamanga kapena kupalasa njinga: zimene matendawa ndi mankhwala ake amasintha

Munthu akauzidwa kuchipatala kuti ali ndi BP, amabwerera kunyumba ndi mapiritsi komanso malangizo awiri osagwirizana. Anamwino amati achepetse mchere ndipo azichita masewera olimbitsa thupi. Abale kunyumba amati akhale pansi, khasu alisiye, njinga azipalasa ana, angagwe. Akasankha kumvera a kuchipatala, nthawi zina amakumana ndi zomudabwitsa. Wina amapeza kuti chiyambireni kumwa mapiritsi, chitunda chimene ankakwera pa njinga osatsika tsopano chikumutsitsa pakati. Wina amachita chizungulire atangosiya kuthamanga, pamene ali mkati mothamangamo anali bwinobwino. Winanso amadziyeza ndi kamakina ka kunyumba atangofika kuchokera kudimba, n'kupeza nambala ya 175, n'kuganiza kuti mankhwala asiya kugwira.

Chilichonse mwa zimenezi chili ndi chifukwa chake, ndipo zifukwazo zimamveka munthu akadziwa zimene mtima umachita thupi likapatsidwa ntchito, zimene BP imasintha mu mtimamo pakapita zaka, ndi malo enieni amene mtundu uliwonse wa mankhwala umakagwira.

Dzina limene limatisokeretsa

Timati "kuthamanga kwa magazi", ndipo dzinali lachititsa ambiri kuganiza kuti BP ndi liwiro la magazi kapena kugunda mofulumira kwa mtima. Si choncho. BP ndi mphamvu imene magazi amakankhira makoma a mitsempha. Amene anathirirako mbewu ndi payipi amadziwa kuti ukatsina kukamwa kwa payipiyo, imalimba m'manja ngakhale sunawonjezere madzi. Kulimbako ndiye BP. Munthu akhoza kukhala ndi mtima wogunda modekha, ka 60 pa mphindi, koma BP ili pamwamba. Winanso mtima ukhoza kumathamanga chifukwa cha malungo BP ili yotsika.

Woyamba kuyeza mphamvuyi anali m'busa wa ku England, Stephen Hales, amene anafalitsa zotsatira zake mu 1733. Analumikiza chubu chagalasi chachitali ku mtsempha wa kavalo, ndipo magazi anakwera m'chubumo mamita pafupifupi 2.5. Njira yoteroyo sikanatheka pa odwala. Lamba wopopa amene amatikulunga pamkono anabwera ndi dokotala wa ku Italy, Scipione Riva-Rocci, mu 1896, ndipo mu 1905 dokotala wa asilikali a ku Russia, Nikolai Korotkoff, anaonetsa kuti pomvetsera kaphokoso ka mtsempha pamene lamba akuphwa, munthu akhoza kupeza manambala awiri.

Nambala yam'mwamba, imene madokotala amati systolic, ndi mphamvu ya magazi panthawi imene mtima wafinya. Yam'munsi, diastolic, ndi mphamvu yotsala m'mitsempha pamene mtima watakasuka n'kumadzaza magazi ena. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limati munthu ali ndi BP ngati poyezedwa masiku osiyana, atakhala pansi ndi kupuma, akupezeka ndi 140/90 kapena kuposa. Mu 2017 mabungwe a madokotala a mtima ku America anatsitsa malirewo kufika pa 130/80. Kuno ku Malawi, kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. Mawu oti "atakhala pansi ndi kupuma" muwasunge, chifukwa malire onsewa ndi a munthu amene sakugwira ntchito.

Mtima wabwinobwino ukapatsidwa ntchito

Munthu wamkulu akangokhala, mtima wake umatulutsa magazi okwana malita pafupifupi 5 pa mphindi iliyonse, ngati kachigubu ka mafuta ophikira. Akayamba kuthamanga mwamphamvu, minofu imafuna mpweya wa okosijeni wochuluka, ndipo mtima wa wachinyamata wathanzi umafika pa malita 20 kapena 25 pa mphindi, ndowa yathunthu. Akatswiri a mipikisano yothamanga mitunda italiitali amapitirira malita 30.

Kuti izi zitheke pamachitika zinthu zitatu nthawi imodzi. Choyamba, mtima umagunda pafupipafupi, kuchoka pa 70 kufika pa 150 kapena kuposa. Pali kawerengedwe kongoyerekeza kakuti malire a munthu ndi 220 kuchotsera zaka zake, choncho wa zaka 50 amafika cha pa 170. Chachiwiri, pa kugunda kulikonse mtima umatulutsa magazi ochulukirapo. Akatswiri awiri, Otto Frank wa ku Germany ndi Ernest Starling wa ku England, ndiwo anafotokoza lamulo lake zaka zoposa 100 zapitazo: mnofu wa mtima ukatanuka ndi magazi ambiri olowa, umafinyanso mwamphamvu. N'chimodzimodzi legeni. Ukakoka mphira kwambiri, mwala umagwa patali. Chachitatu, timitsempha ting'onoting'ono ta m'minofu imene ikugwira ntchito timatseguka, magazi n'kumadutsa mosavuta.

Zotsatira zake pa manambala awiri aja n'zosiyana. Yam'mwamba imakwera, chifukwa mtima ukuponya magazi ambiri mwamphamvu, ndipo kufika pa 160 mpaka 200 munthu ali pakalikiliki si zachilendo. Yam'munsi imakhala pomwepo kapena kutsika pang'ono, chifukwa njira zatseguka. Choncho bambo uja wapeza 175 atangotula khasu sanaone umboni woti mankhwala akanika. Waona thupi likuchita zimene liyenera kuchita. Kuti nambala ikhale ndi tanthauzo, ayenera kudikira mphindi 30 chisiyireni ntchito, akhale pampando mphindi 5 osalankhula, kenako ayeze.

Ntchito yoyenda ndi ntchito yokakamira

Zimene tafotokozazi zimakhudza ntchito imene minofu imakoka n'kumasuka mobwerezabwereza: kuyenda ndawala, kuthamanga, kupalasa njinga, kuvina, kusewera mpira. Pali mtundu wina wa ntchito umene minofu imakoka n'kukakamira pomwepo, monga kudzutsa thumba la chimanga la makilogalamu 50, kukankha galimoto yotitimira m'matope, kapena kunyamula zitsulo zolemera ku jimu. Mnofu wokakamira umatsina mitsempha yake yomwe, ndiye m'malo moti njira zitseguke zimatsekeka. Pamwamba pa apo, ambiri a ife ponyamula chinthu cholemera timagwira mpweya m'chifuwa n'kuchita ngati tikubereka, ndipo izi zimawonjezera mphamvu m'chifuwamo. Manambala onse awiri amakwera pamodzi.

Kukula kwa kukweraku kunaoneka bwino mu 1985, pamene ofufuza a pa McMaster University ku Canada analowetsa kachubu mu mtsempha wa anyamata ozolowera kunyamula zitsulo. Pokankha katundu wolemera kwambiri ndi miyendo yonse iwiri, BP yawo inkafika cha pa 320/250, ndipo mwa mmodzi inapitirira 480/350. Izi zinkatenga masekondi ochepa, mwa anthu a mitsempha yathanzi. N'chifukwa chake malangizo a madokotala saletsa munthu wa BP kunyamula zinthu, koma amati katundu akhale wapakati, ndipo azitulutsa mpweya pamene akudzutsa katunduyo, osaugwira.

Zimene BP imachita ku mtima pakapita zaka

Mtima uli ndi zipinda zinayi, ndipo chimene chimasenza mtolo waukulu ndi cham'munsi chakumanzere, chimene chimaponya magazi m'thupi lonse. BP ikakhala yokwera, chipindachi chimakankha chitseko cholimba ka 100,000 pa tsiku, usana ndi usiku, chaka ndi chaka. Monga mnofu wina uliwonse wogwira ntchito yolemera, khoma lake limachindikala.

Wina angafunse: nanga si ndiye kuti mtima walimba, ngati mkono wa mmisiri wosula makasu? Nawonso othamanga mipikisano mtima wawo umakula. Koma kakulidwe kake n'kosiyana. Kwa wothamanga, chipinda chimakula pamodzi ndi khoma lake ndipo mnofu umakhalabe wotanuka, ngati munthu amene wagwetsa khoma n'kukulitsa nyumba. Komanso mtima wake umapuma akamaliza masewera. Kwa munthu wa BP, khoma limachindikala cholowera mkati, ngati nyumba imene akuimata pulasitala mkati chaka chilichonse: makoma akunenepa, malo akuchepa. Pakati pa mnofupo pamameranso tizingwe touma ngati ta pachipsera. Mtima wotere umafinyabe bwino, koma umachedwa kutakasuka kuti ulandire magazi. Mphira wa legeni uja wauma.

Munthu akangokhala, vutoli limabisala, chifukwa mtima uli ndi nthawi yokwanira yodzaza. Ukamagunda ka 75 pa mphindi, kugunda kumodzi kumatenga masekondi 0.8, ndipo pafupifupi 0.5 mwa iwo ndi nthawi yodzaza. Ukafika pa 150, kugunda konse kumatenga masekondi 0.4, ndipo nthawi imene imadulidwa kwambiri ndi yodzaza ija. Mtima wofewa umakwanitsa, chifukwa umatseguka msanga n'kuyamwa magazi. Mtima wouma sukwanitsa pokhapokha magazi atakankhidwa mwamphamvu kuchokera kumbuyo, ndipo kumbuyo kwa chipindachi kuli mapapo. Mphamvu ija ikabwerera m'mitsempha ya m'mapapo, munthu amabanika. Ndiye mumaona mayi amene akakhala pamkeka sadandaula kalikonse, koma akasenza ndowa kuchokera pamjigo amaima katatu panjira ali wefuwefu. Akajambulidwa mtima atagona pabedi, chithunzi chikhoza kuonetsa kuti mtima ukufinya bwino, iye n'kuuzidwa kuti palibe vuto. Madokotala masiku ano amazindikira kuti pali mtundu wa kufooka kwa mtima umene kufinya kumakhala kwabwino koma kudzaza n'kumene kwavuta, ndipo BP ya zaka zambiri ndi chimodzi mwa zoyambitsa zake zazikulu.

Palinso nkhani ya chakudya cha mtima weniweniwo. Mnofu wa mtima uli ndi mitsempha yakeyake yodutsa pamwamba pake n'kulowa mkati, ndipo ya mbali yakumanzere imalandira magazi makamaka pamene mtima watakasuka, poti ukafinya imatsinidwa. Minofu ya m'miyendo ikafuna okosijeni wambiri, ikhoza kungotapa wochuluka m'magazi omwewo. Mtima ulibe mwayi umenewu, chifukwa ngakhale munthu ali chigonere umatapa kale pafupifupi magawo atatu mwa anayi a okosijeni wodutsa m'mitsempha yake. Njira yokhayo ndi kuwonjezera magazi. Tsono mtima wochindikala uli ndi nyama yambiri yofuna kudya, nthawi yodyera yafupika chifukwa cha kugunda mofulumira, ndipo timitsempha take sititseguka bwino. Apa mpamene pamachokera kupweteka kapena kulemera kwa pachifuwa kumene kumabwera pokwera chitunda n'kuleka munthu akaima.

Mitsempha ya m'thupi lonse nayo imauma. Mtsempha waukulu wochoka mu mtima umayenera kufufuma pang'ono pa kugunda kulikonse, ngati chubu chatsopano cha njinga. Ukauma, nambala yam'mwamba imalumpha kwambiri munthu akangoyamba ntchito. Izi zimayezedwa pomuyendetsa munthu pa makina a lamba woyenda, motsatira ndondomeko imene dokotala Robert Bruce wa ku Seattle, ku America, anafalitsa mu 1963, imene liwiro ndi chitunda zimawonjezeka mphindi 3 zilizonse. Madokotala ambiri amati pa makinawo BP yakwera mopyola muyezo nambala yam'mwamba ikafika pa 210 kwa abambo kapena 190 kwa amayi, ndipo amaimitsa makinawo ikapitirira 250 m'mwamba kapena 115 m'munsi.

Mankhwala: aliyense ali ndi pake pogwira

N'zovuta kukhulupirira lero, koma panali nthawi imene madokotala ambiri ankaganiza kuti BP yokwera n'njofunika kuti magazi afike ku ziwalo za munthu wokalamba, ndipo kuitsitsa n'kuika moyo pachiswe. Pulezidenti wa America, Franklin D. Roosevelt, anamwalira pa 12 Epulo 1945 mtsempha utaphulika mu ubongo, BP yake ili cha pa 300/190, ndipo panalibe mankhwala odalirika omupatsa. Maganizo anasintha ndi kafukufuku wa m'tauni ya Framingham ku America amene anayamba mu 1948, kenako ndi wa dokotala wa komweko ku America, Edward Freis, wa mu 1967. Mu kafukufuku wa Freis, mwa abambo 143 a BP yokwera kwambiri, 27 mwa amene sanalandire mankhwala enieni anakumana ndi mavuto aakulu, pamene mwa olandira mankhwala anali awiri okha.

Mankhwala okodzetsa, monga hydrochlorothiazide amene ambiri timangoti HCT, ndi amodzi mwa akale kwambiri amene tikumwa lero, poti mtundu wawo unatuluka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Amathandiza impso kutaya mchere ndi madzi, ndipo pakapita nthawi amamasulanso mitsempha. Pa mlingo wochepa umene umaperekedwa kwa a BP, sasintha kwenikweni mphamvu zogwirira ntchito. Vuto limabwera ndi dzuwa. Munthu wolima mu Okutobala ku Nsanje kapena ku Chikwawa akutaya kale madzi ndi mchere m'thukuta. Magazi obwerera ku mtima akachepa, mtima umathamanga kuti ulipirire, ndipo chizungulire ndi kukokana kwa minofu zimayandikira. Mankhwalawa amatayitsanso mchere wa potaziyamu, umene ukachepa kwambiri umasokoneza kagundidwe ka mtima. Kumwa madzi okwanira ndi kupewa dzuwa la paliwombo n'zofunika kwambiri kwa anthu amenewa.

Amlodipine ndi nifedipine amatakasula makoma a timitsempha, ndiye kuti amathandiza chinthu chachitatu chija, kutseguka kwa njira. Saletsa mtima kuthamanga ukafuna, choncho anthu ochita masewera amayenda nawo bwino. Chodandaulitsa chawo chodziwika ndi kutupa kwa akakolo, kumene nthawi zambiri sikutanthauza kuti mtima wafooka, ngakhale n'koyenera kuonetsa kuchipatala.

Enalapril, captopril ndi losartan amatsekereza mphamvu ya m'thupi yotchedwa angiotensin, imene imafinya mitsempha ndi kulimbikitsa khoma la mtima kuchindikala. Mbiri ya captopril ndi enalapril inayambira ku ululu wa njoka ya ku Brazil yotchedwa jararaca, umene umagwetsa BP ya cholumidwa. Wofufuza wa kumeneko, Sérgio Ferreira, ndiye anapeza chimene chimachita zimenezi mu ululuwo, ndipo captopril anavomerezedwa ku America mu 1981. Nawonso sachepetsa mphamvu za munthu pa masewera. Enalapril ndi captopril amakhosomoletsa ena chifuwa chouma, ndipo gulu lonseli n'loletsedwa kwa mayi woyembekezera. Chenjezo lina limene ndimafuna likanamveka kwambiri ndi ili: munthu amene akumwa mankhwalawa pamodzi ndi okodzetsa, akatuluka thukuta tsiku lonse kenako n'kugula Brufen kapena Indocid pagolosale kuti aphe ululu wa msana, impso zake zimapanikizika mbali zitatu nthawi imodzi. Mankhwala opha ululu a mtundu umenewu amakwezanso BP.

Gulu limene limasintha kwambiri mmene munthu amamvera pa ntchito ndi la beta blocker: atenolol, propranolol, bisoprolol, carvedilol. James Black wa ku Scotland anapanga propranolol m'zaka za m'ma 1960, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1988. Cholinga chake chinali kuthandiza odwala kupweteka kwa pachifuwa. Anaganiza kuti m'malo movutika kuwonjezera chakudya cha mtima, ndi bwino kuchepetsa njala yake. Mankhwalawa amatseka makutu a mtima kuti usamve kuitana kwa adrenaline, mphamvu ya m'thupi imene imathamangitsa mtima. Ali ngati kachipangizo koletsa liwiro kamene amaika m'mabasi: dalaivala aponde motani, basi sipyola pamene anaikira. Bambo wa zaka 50 amene mtima wake unkafika pa 170 akhoza kupeza kuti tsopano ukuimira pa 130 kapena 140. Mtima umayesa kulipirira potulutsa magazi ambiri pa kugunda kulikonse, koma ntchito ikafika pachimake malita a pa mphindi aja amapelewera, miyendo n'kulemera msanga. Uyu ndi wa njinga uja amene chitunda chikumutsitsa pakati. Sikuti matenda akula. Ndi mmene mankhwalawo amagwirira ntchito.

Komabe nkhani ya beta blocker ili ndi mbali ziwiri. Kwa munthu amene mitsempha ya mtima wake yapanikizika, kuchedwetsa mtima kumatalikitsa nthawi yodzaza ndi yodyera ija, ndipo iye amayenda mtunda wotalikirapo asanamve kupweteka. Kwa amene anadwalapo mtima kapena mtima wake wafooka pofinya, mankhwala ena a m'gululi atsimikizika kuti amatalikitsa moyo. Mapiritsi omwewo amachepetsa mphamvu za wina n'kuwonjezera za wina. Amene akuwamwa asadalire wotchi yowerenga kugunda kwa mtima kapena kawerengedwe ka 220 kaja. Muyezo wabwino ndi pakamwa: ngati mukutha kulankhula koma simungathe kuimba, ntchito ili pa mlingo wapakati. Odwala shuga adziwe kuti mankhwalawa amabisa kuthamanga kwa mtima ndi kunjenjemera kumene kumachenjeza kuti shuga watsika, ndipo a mphumu propranolol akhoza kuwabanikitsa. Chachikulu koposa, beta blocker sasiyidwa mwadzidzidzi. Mtima umene wakhala wotsekedwa makutu umadzuka ukumva kwambiri, ndipo kugunda ndi BP zikhoza kulumpha moopsa. Ngati kutopa kukukulepheretsani ntchito yanu, auzeni adokotala mtundu wa ntchitoyo, kaya ndi kabaza kaya ndi kuumba njerwa, chifukwa nthawi zambiri pamakhala njira yosinthira.

Ochita masewera a mipikisano ali ndi nkhani yawo yapadera. Bungwe lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewera la World Anti-Doping Agency limaletsa mankhwala okodzetsa m'masewera onse, poti amatha kubisa mankhwala ena mu mkodzo, ndipo limaletsa beta blocker m'masewera ofuna dzanja losanjenjemera. Pa Olympics ya ku Beijing mu 2008, katswiri wowombera mfuti wa ku North Korea, Kim Jong-su, analandidwa mamendulo awiri atapezeka ndi propranolol m'thupi.

Mphindi zotsatira mutangosiya

Pamene mukuthamanga, minofu ya m'miyendo imafinya mitsempha n'kumakankhira magazi kumtunda, ngati pampu yachiwiri. Mukaima mwadzidzidzi, pampuyo imaleka koma timitsempha tikadali totseguka, magazi n'kudikha m'miyendo, ubongo n'kupelewera. Kwa womwa mankhwala otsegula mitsempha kapena okodzetsa, izi zimakula. Njira yopewera izi ndi yosavuta: mphindi 5 kapena 10 zomaliza muziyenda pang'onopang'ono mpaka mtima utadekha.

Kutsika kwa BP pambuyo pa masewera kuli ndi ubwino wakenso. Kumatha maola angapo, ndipo munthu akamabwereza masiku ambiri pa sabata, kutsikako kumakhazikika. Kwa anthu a BP, masewera oyenda ochitidwa mokhazikika amatsitsa nambala yam'mwamba ndi 5 mpaka 8, zimene sizili kutali ndi mphamvu ya piritsi limodzi. World Health Organization imalangiza mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za ntchito yapakati. Malangizo a madokotala amagwirizananso kuti amene BP yake ili pa 180/110 kapena kuposa atakhala pansi, ayambe waitsitsa asanalowe m'masewera amphamvu. Ndipo aliyense amene wamva kupweteka pachifuwa, kubanika kosafanana ndi ntchito imene akugwira, mtima kugunda modumphadumpha, kapena wakomoka ali mkati mwa masewera, asiye pomwepo apite kuchipatala.

Zimene akatswiri sanagwirizanebe

Funso loyamba n'lakuti: munthu amene BP yake ili bwino akakhala pansi koma imalumpha kwambiri pa makina oyendera aja, apatsidwe mankhwala? Kafukufuku wambiri waonetsa kuti anthu otere amadzapezeka ndi BP m'tsogolo kuposa anzawo. Koma akatswiri a masewera athanzi labwino nawonso amafika pa manambala okwera, chifukwa mtima wawo ukuponya malita ambiri. Ena akuti nambalayo iziwerengedwa moyerekeza ndi kukula kwa ntchito imene munthu akugwira panthawiyo, ndipo malire a 210 ndi 190 aja sanavomerezedwe ndi onse.

Lachiwiri likukhudza kubwezeretsa mtima wochindikala. Mu kafukufuku wa LIFE wa mu 2002, wa anthu oposa 9,000, losartan anachepetsa kuchindikala kwa mtima ndi sitiroko kuposa atenolol. Koma m'kagulu kochepa ka anthu akuda amene analimo, zotsatira sizinapite mbali imeneyo. Kafukufuku wa CREOLE wa mu 2019, wotsogoleredwa ndi Dike Ojji wa ku Nigeria ndipo wochitikira m'mayiko 6 a mu Africa kuphatikizapo Mozambique ndi South Africa, anapeza kuti kuphatikiza mankhwala kumene kuli amlodipine kunatsitsa BP bwino kuposa kumene kulibe. CREOLE inayeza BP kwa miyezi 6, osati mphamvu za mtima pa ntchito yathukuta. Ngati khoma likaonda kutanuka konse kumabwerera, komanso ngati munthu amapezanso mpweya wake wakale pokwera chitunda, ndi nkhani imene ikufufuzidwabe.

Lachitatu ndi la ntchito yokakamira ija. Kwa zaka zambiri anthu a BP ankauzidwa kuti aipewe. Mu 2023, ofufuza a ku Britain anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 270 n'kupeza kuti masewera okakamira a mphindi zochepa, monga kutsamira khoma mawondo atapindika ngati wakhala pampando wosaoneka, ankatsitsa BP kuposa mitundu ina, ndi pafupifupi 8 m'mwamba ndi 4 m'munsi. Ena akufuna malangizo asinthe. Ena akuti kafukufuku wa masewera amenewa anali wa anthu ochepa ndi nthawi yochepa, ndipo sanaonetse ngati sitiroko ndi imfa zimachepa, kapena ngati ndi otetezeka kwa amene mtima wawo wachindikala kale.

Lachinayi ndi limene likutikhudza kwambiri ife amene ambiri timadya za thukuta. Kodi kulima, kusenza ndi kupalasa kabaza tsiku lonse kumateteza mtima ngati masewera? Kafukufuku wa ku Copenhagen, ku Denmark, wa mu 2021, wa anthu oposa 100,000, anapeza kuti kulimbitsa thupi pa nthawi yopuma kunkayendera limodzi ndi kuchepa kwa matenda a mtima, pamene ntchito yolemera ya tsiku lonse inkayendera limodzi ndi kuchuluka kwake. Ofufuzawo akuganiza kuti ntchito yotere imasunga kugunda kwa mtima ndi BP pamwamba kwa maola ambiri popanda nthawi yopuma yokwanira. Otsutsa akuti mwina chimene chikuoneka ndi umphawi, fodya ndi zakudya za anthu ogwira ntchito zolemera, osati ntchitoyo. Ndipo wogwira ntchito ya zomangamanga ku Denmark si mlimi wa ku Dowa, amene amalima mwamphamvu miyezi ina n'kupuma miyezi ina, amayenda mitunda italiitali wapansi, ndipo kawirikawiri amafika kuchipatala BP itakhala naye zaka zambiri osadziwa.